Kaizana wa ku Nkantolo: mayina a m'banja la loya wa ku Wattville

Aliyense wa ife amene anatsikapo ndege ku Joni anadutsa pansi pa dzina la O.R. Tambo, pakuti bwalo la ndege la ku Kempton Park lakhala likutchedwa motero kuyambira pa 27 Okutobala 2006. Mwini dzinalo anagona mtunda wosatalika kuchokera pamenepo, m'manda a ku Wattville, lokeshoni yaing'ono kummwera kwa Benoni, kumene anamanga banja m'zaka zimene ankagwira ntchito ya uloya. Za ndale zake ena analemba kale mabuku aakulu. Pano ndifuna tilondole banja lake, ndipo tililondole podzera m'mayina, chifukwa m'mabanja a anthu akuda a nthawi imeneyo, kumene makalata a ubadwa anali osowa, dzina ndilo linkasunga mbiri: limaulula amene analipereka, chaka chimene analiperekera, ndi yemwe anali ndi mphamvu m'dziko panthawiyo.

Oliver Reginald Kaizana Tambo anabadwa pa 27 Okutobala 1917 m'mudzi wa Nkantolo, kufupi ndi Bizana, m'dziko la Ampondo, kumunsi kwa mapiri a Engeli. Dzikoli linali limodzi mwa otsiriza kugwa m'manja mwa azungu kummwerako. Boma la Cape linalilanda mu 1894, Cecil Rhodes ali nduna yaikulu, Sigcau ali mfumu ya Ampondo a kum'mawa. Abale a ku Ntcheu ndi ku Chipata aziona okha zaka zimenezi: Gomani anaphedwa mu 1896, Mpezeni anagonjetsedwa mu 1898. Choncho mbadwo wa bambo ake a Oliver, a Mzimeni Tambo, ndi mbadwo womwewo wa makolo athu amene anaona ndi maso ufumu ukuchoka pabwalo la mfumu kupita ku ofesi ya mzungu. Ngakhale dzina la mudziwo likununkha zomwezo. M'Chixhosa ndi m'Chizulu inkantolo ndi khoti la majisitireti, mawu obwerekedwa ku Chidatchi, kantoor, kutanthauza ofesi. Mwana wodzakhala loya anabadwira m'mudzi umene dzina lake limamveka ngati khoti.

Tisanapitirire ndichotse chisokonezo chimodzi chimene chimabwera kawirikawiri tikamacheza. Dzina la Tambo lilibe chibale ndi thambo lathu la kumwamba, ngakhale mtambo wa mvula, ngakhalenso a Tembo a ku Lundazi ndi ku Petauke. Mwini Chixhosa akamva Tambo amamva ithambo, ndilo fupa. Kufanana kwa kamvekedwe n'kokoma kukhutu, koma sikulumikiza mafuko.

A Mzimeni anali mwana wa mlimi, ndipo iwo ankathandiza kugulitsa m'sitolo ya m'deralo. Anali ndi akazi anayi ndi ana khumi. Mwana uyu, wa mkazi wachitatu, anamutcha Kaizana, potengera Kaiser Wilhelm wa ku Germany, amene asilikali ake anali kumenyana ndi Angerezi chaka chomwecho. Taonani kapangidwe ka dzinali. Tsinde lake ndi Kaiza, ndipo kumapeto kuli mphatikiri -ana, amene zinenero za kummwera zimagwiritsa ntchito pochepetsa chinthu. Akatswiri a zinenero za Chibantu amati -ana ameneyu ndi yemwe ali m'mawu athu akuti mwana. Ife timachepetsa poika ka- kumayambiriro, n'kumati kamwana, kamudzi. Iwo amachepetsa kumapeto. Kaizana ndiye kuti Kaiser wamng'ono. Tsono kumbukirani kuti chakacho ndi 1917. Pa 21 Febuluwale chaka chimenecho sitima ya Mendi inamira pafupi ndi gombe la England ndi amuna akuda oposa 600 amene ankapita kukagwira ntchito za nkhondo ya mfumu ya Angerezi, ndipo ena mwa iwo anali Ampondo. Patangopita miyezi isanu ndi itatu, munthu wogulitsa m'sitolo ku Bizana anatcha mwana wake dzina la mdani wa mfumu yomweyo. Kwathu John Chilembwe anali atalemba kale kalata yofunsa chimene munthu wakuda akufera pa nkhondo ya eni. A Mzimeni maganizo awo anawaika pa mwana.

Dzina la Oliver linabwera mwanayo atayamba sukulu, aphunzitsi atanena kuti abwere ndi dzina lina loyenera m'kaundula, ndipo bambo ake ndiwo analisankha. Ambiri a ife tili ndi agogo amene anapita kusukulu ya mishoni ali Chatsalira n'kubwerako ali Wilisoni. Chimene chimandikhudza n'chakuti m'zilembo ziwiri zimene dziko lonse limadziwa, O ndi R, mwatsala mayina awiri achingerezi okha. Dzina limene linanyamula mtima wa bambo wake ndilo linagwera panjira.

Amayi ake, m'mbiri zachidule zambiri, amangotchulidwa kuti Julia, mkazi wachitatu, basi. Apa Mchewa amaima kaye. Ampondo, monga Angoni, amawerenga mtundu kuchimuna, choncho wolemba mbiri amatsata bambo ndi bambo wa bambo. Ife tikanayamba ndi Julia: anabadwa kwa yani, alongo ake ndani, mbumba yake ili kuti, nkhoswe ya anawa ndani. Njira ziwirizi iliyonse imataya theka la anthu, kungoti imene inalowa m'mafomu a boma ndi m'makaundula a tchalitchi ndi yachimuna, ndipo lero yatilowerera ngakhale ife, moti mwana wa ku Dedza amalemba dzina la bambo ake pa pasipoti pamene mudzi wake ndi munda wake zili kwa amake.

Palinso anthu ena amene mndandanda wa makolo suwaonetsa, chonsecho popanda iwo loyayo sakanakhalapo. Mu 1928 Oliver analowa sukulu ya mishoni ya Anglican ya Holy Cross, kufupi ndi Flagstaff. Bambo ake analibe ndalama ya fizi. Amayi awiri a ku England, Joyce ndi Ruth Goddard, amene sankamudziwa n'komwe, ankatumiza mapaundi 10 pachaka, ndipo mkulu wake wina amene ankagwira ntchito ku Natal ankadula pa malipiro ake n'kuwonjezera. Mayina a azungu awiriwo anasungika bwino. Mkulu wakeyo nthawi zambiri amangotchedwa mkulu wake. Ndi nyumba zingati ku Nkhata Bay, ku Katete ndi ku Angónia zimene zinatulutsa mphunzitsi kapena kalaliki ndi ndalama ya munthu wa ku Wenela amene dzina lake adzukulu saalidziwa? Mu 1934 mnyamatayo anapita ku St Peter's ku Rosettenville, mu Johannesburg, ndipo makolo ake onse awiri anamwalira iye adakali pasukulu imeneyo.

Zotsatira zake n'zodziwika, ndingozidutsa. Anatenga digiri ya masamu ndi sayansi ku Fort Hare mu 1941, anachotsedwa kumeneko chaka chotsatira chifukwa cha sitalaka ya ophunzira, anabwerera ku St Peter's kukaphunzitsa, ndipo mu 1944 anali m'gulu la oyambitsa nthambi ya achinyamata ya ANC. Anavomerezedwa kukhala loya mu 1951. Mu 1952 iye ndi Nelson Mandela anatsegula ofesi yawo ku Chancellor House, moyang'anana ndi khoti la majisitireti la Johannesburg. Milandu yawo yambiri inali ya anthu wamba: wogwidwa wopanda pasi, wothamangitsidwa m'nyumba, wolandidwa munda.

Malo amene anakhalako nawonso ali ndi mayina oti tiwamvetsere. Benoni ndi Chiheberi, mwana wa chisoni changa, dzina limene m'buku la Genesis Rakele anapatsa mwana wake akutsirizika, bambo wa mwanayo n'kulisintha kukhala Benjamini. Anatcha malowo motero mu 1881 ndi woyeza malo Johan Rissik, ndipo amati n'chifukwa cha mavuto amene anakumana nawo poika malire a famuyo. Wattville, imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1940 kuti mukhale anthu akuda ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale a Benoni, inatenga dzina la khansala wachizungu, Watt. Mu 1990 anthu osowa pokhala a m'lokeshonimo analowa pamalo opanda nyumba oyandikana nayo, namanga zisakasa, natcha mudzi wawo Tamboville, mwini dzina akadali kunja kwa dziko. 

Mkazi wake, Adelaide Frances Tshukudu, anabadwa pa 18 Julaye 1929 ku Top Location, ku Vereeniging. M'Chisotho ndi m'Chitswana tshukudu ndi chipembere, kotero kuti akanabadwira ku Malindi tikanati ndi wa kwa a Chipembere. Iye mwini ankasimba kuti ndale zinamulowa ali kamtsikana, tsiku limene apolisi anagwira agogo ake aamuna a zaka 82 pa chipikisheni cha m'lokeshoni, nkhalambayo n'kukomoka, apolisi achinyamata akuitchula ngati kamnyamata. Pa mbali ya Adelaide, kholo limene mbiri inasunga ndi gogo ameneyu, ndipo inamusunga chifukwa cha chipongwe chimene anachitidwa. Adelaide anaphunzira unamwino. Ukwati wawo unali pa 22 Disembala 1956, mkwati ali pa belo, pakuti pa 5 Disembala boma linayamba kumanga anthu 156 pa mlandu woukira dziko, ndipo iye anali mmodzi wa iwo. Panthawiyo Bishopu Ambrose Reeves anali atamulandira kale kuti akonzekere unsembe wa Anglican. Mlanduwo unatseka njira imeneyo.

Mayina a ana awo atatu ndiwo amandisangalatsa koposa. Woyamba ndi Nomathemba, amene ambiri amamudziwa kuti Thembi, yemwe anadzakhala kazembe wa South Africa ku Italy ndi ku Britain. No- wa kumayambiriroyo ndi mbale wa Na- wathu wa mu Nabanda ndi Naphiri, ndipo amathemba ndi ziyembekezo. Wachiwiri, wobadwa mu 1959, ndi Dalindlela, Dali wa pa wailesi ya kanema uja: ukudala ndi kulenga, indlela ndi njira, wolambula njira. Wachitatu, amene anabadwa banjali lili kale kunja, ndi Tselane, dzina la Chisotho la kwa amake, lodziwika ndi nthano ya mtsikana ndi chimphona chodya anthu. M'dzinali mukumveka tsela, ndiyo njira m'Chisotho. Indlela, tsela ndi njira ndi mawu amodzi a makolo a Chibantu amene anavala malaya atatu. Ana awiri otsatizana, wina m'chinenero cha bambo, wina m'chinenero cha mayi, onse anyamula njira, m'banja limene moyo wake unali pafupi kukhala wa paulendo kwa zaka makumi atatu.

Ulendowo unayamba apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960. Sharpeville imeneyo inamangidwa kuti kusamutsidwire anthu a ku Top Location, kwawo kwa Adelaide. Patangopita masiku ochepa, Ronald Segal anamutenga Tambo pa galimoto kuwoloka malire kulowa m'Bechuanaland, ndipo kuchoka kumeneko anakwera ndege pamodzi ndi Yusuf Dadoo, nagona usiku umodzi ku Nyasaland asanafike ku Dar es Salaam. Adelaide anatsatira ndi ana chaka chomwecho, nakhazikika ku Muswell Hill mu London, kumene anawalera ndi malipiro a unamwino, nthawi zambiri akugwira usana ndi usiku. Mwamunayo anakhala ku Tanzania, kenaka zaka zambiri ku Lusaka, akutsogolera ANC kuyambira mu 1967, Albert Luthuli atamwalira. Nyumba imene ankakhala ku Chelstone inatsegulidwa ngati malo a chikumbutso mu Okutobala 2017. Anawo anakulira pakhomo la mayi, bambo akubwera mwa apo ndi apo ngati mlendo, monga anakulira ana a matchona m'midzi yathu, kungoti apa mudziwo unali London.

Tambo anadwala sitiroko mu 1989, anabwerera kwawo mu Disembala 1990, namwalira pa 24 Epulo 1993, patangotha masabata awiri Chris Hani ataphedwa ku Boksburg. Funso limene limabuka pa maliro a munthu aliyense wofera kutali ndi kumene anabadwira n'lakuti akagona kuti. Ife a ku Ekurhuleni timalidziwa bwino: timasonkha ndalama m'magulu a maliro kuti bokosi liwoloke Beitbridge, lidutse Nyamapanda ndi Tete, likafike ku Mangochi kapena ku Mzimba, chifukwa kusiya munthu m'dothi la eni timakuyesa kumutaya. Ngakhale mkamwini amene wakalambira kwa mkazi, mwambo wathu umamubweza kwawo akamwalira. Mandela anakagona ku Qunu, pakati pa abale ake. Tambo sanabwezedwe ku Nkantolo. Anaikidwa ku Wattville, kumene iye ndi mkazi wake anakhala limodzi zaka zitatu zokha ndi miyezi ingapo asanathawe, lokeshoni yotchedwa dzina la khansala wachizungu, imene boma linamanga poganiza kuti munthu wakuda m'tauni ndi wongodutsa.

Adelaide anakhala phungu wa nyumba ya malamulo kuyambira mu 1994 mpaka mu 1999, namwalira pa 31 Januwale 2007. Anamuika pambali pa mwamuna wake. Iye analibe mudzi wobwererako, pakuti Top Location inali itagwetsedwa kalekale.