Nyimbo za magitala za ku Britain ndi lumo la pachipata cha Mwanza

Mlembi wa ku Japan, Haruki Murakami, atatsiriza buku lake la nkhani yopeka lomwe linatuluka mu 1987, analitcha Norwegian Wood, dzina la nyimbo ya gulu la The Beatles. Nkhani ya m'bukumo imachitikira ku Tokyo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, komabe chimene chimakumbutsa mwininkhani za unyamata wake ndi nyimbo ya anyamata a ku Liverpool. Alembi amakonda nyimbo zotere chifukwa zimauza wowerenga nyengo ya nkhani popanda kutchula chaka.

Kaimbidwe kake n'kosavuta kukazindikira: anyamata anayi kapena asanu, magitala awiri amagetsi, gitala ya besi ndi ng'oma. The Shadows ndiwo analambula njira. The Beatles anatchuka kuyambira mu 1962 mpaka gululo litatha mu 1970, ndipo The Rolling Stones a ku London anadza ndi ukali wawo. M'zaka za m'ma 1990, Oasis ndi Blur anautsanso kaimbidweka.

Kumwera kuno kwa Africa nyimbozi zinkamveka kwambiri pa LM Radio, wailesi ya ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, mpaka inatsekedwa mu 1975. Ku Zambia zinamera mizu: woimba wa gulu la WITCH, Emmanuel Chanda, anatchedwa Jagari potengera dzina la Mick Jagger.

Ku Malawi, wofuna kulemba nkhani ya nthawi imeneyo apeza zambiri pa tsitsi kusiyana ndi pa gitala. Oimbawa anatchukitsa tsitsi lalitali, ndipo boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linkaliona ngati chizindikiro cha kulowa pansi kwa chikhalidwe. Mu 1973 kunakhazikitsidwa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Amuna nawo anaikiridwa malire, ndipo muyeso wake unali wodabwitsa: mwamuna akaimirira chilili, tsitsi lake lisatsike kupitirira pamene pali kamwa.

Alendo sankasiyidwa. Wofika pabwalo la ndege la Chileka kapena pachipata china chilichonse ndi tsitsi logwera m'mapewa ankasankha pakati pa kumetedwa ndi kubwerera. Apa ndi pamene Mwanza akulowera m'nkhaniyi, pakuti chipata chake, choyang'anizana ndi Zobue ku Mozambique, chili pamsewu wochokera ku Harare kudzera ku Tete kupita ku Blantyre. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ili mkati ku Mozambique, magalimoto ankadutsa njirayi pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Mlendo wa gitala pamsana amene wapulumuka zipolopolo ku Tete ankafika pa Mwanza n'kupeza kuti lamulo la tsitsi likumudikirira.

Lamulo la kavalidwe lija linathetsedwa mu 1993, chaka cha referendamu.