Mbiri ya Tanthauzo la Ulumali m'Malamulo a Malawi

Kwa zaka mazanamazana, munthu waulumali m'midzi ya Achewa ankasamalidwa ndi abale ake motsogozedwa ndi mwini mbumba, ndipo amishoni atabwera adatsegula sukulu za osaona ndi osamva, koma monga ntchito yachifundo chabe. Lamulo la 1971, limene lidakhazikitsa bungwe la boma loona za aulumali la MACOHA, lidatsata njira yomweyo poona ulumali ngati vuto la m'thupi kapena m'maganizo lolepheretsa munthu kuphunzira ndi kugwira ntchito. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 lidaletsa tsankho chifukwa cha ulumali, koma silidafotokoze kuti ulumaliwo n'chiyani.

Kusintha kwenikweni kudadza mu 2012, patatha zaka zitatu Malawi atavomereza pangano la United Nations la maufulu a anthu aulumali. Lamulo la chaka chimenecho lidati ulumali ndi vuto lokhalitsa la m'thupi, m'maganizo, m'nzeru, m'kuona kapena m'kumva limene, likakumana ndi zotchinga, limalepheretsa munthu kutenga nawo mbali m'zochitika mofanana ndi anzake. Zotchinga pano ndi chilichonse chimene anthu amanga kapena kuchizolowera, monga masitepe, kusowa womasulira chinenero chamanja ndi mtima wosala, kotero kuti mlandu udachoka pathupi la munthu n'kupita kwa womanga nyumba, wolemba ntchito ndi mphunzitsi wamkulu. Ngakhale lamuloli lidavomerezedwa Joyce Banda atangokhala pulezidenti, ulemu waukulu uyenera kupita kwa aulumali eni ake, amene kudzera m'bungwe la FEDOMA, motsogozedwa ndi Mussa Chiwaula, adakakamira kwa zaka zambiri kufikira aphungu atamva. Lamulo la 2024, limene lidasintha MACOHA kukhala MACODA, lidangomanga pamaziko amenewa.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka 5 kapena kuposerapo ali ndi ulumali, ndipo phindu la tanthauzo latsopano la ulumali liyenera kuonekera kumidzi monga ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma. Mwana woyendera njinga ya olumala akalephera kufika m'kalasi m'dzinja, funso la lamulo likhala pamsewu wamatope ndi pakhomo lopapatiza. Wachialubino akalephera kuona pabolodi, ayenera kukhazikidwa kutsogolo, osati kubwezedwa kunyumba. Mafumu ndi makomiti a sukulu, amene amagamula za malo omangapo ndi za njerwa, ndiwo ayenera kulidziwa tanthauzoli poyamba, chifukwa zotchinga zambiri zimabadwira m'misonkhano yawo.