Mudzi umodzi, katundu mmodzi: zomwe tinasiya ku Oita

Ukaona botolo la uchi kapena paketi ya mpunga yolembedwa OVOP, umangoti ndi pulojekiti ina ya boma basi. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka nditawerenga komwe maganizowa anachokera. Anzanga, nkhaniyi sinayambire muofesi ayi. Inayambira m'katauni ka m'mapiri kotchedwa Oyama, m'chigawo cha Oita, pachilumba cha Kyushu ku Japan.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Oyama anali malo osauka. Minda inali ing'onoing'ono chifukwa cha mapiri, ndipo achinyamata ankathawira m'mizinda kukasaka ganyu, monga momwe ife tikuthawira ku Joni lero. Boma la Japan nthawi imeneyo linkalimbikitsa alimi kulima mpunga. Koma meya wa tauniyo, Harumi Yahata, anaona kuti mpunga wa pamapiri sungachotse munthu paumphawi. Mu 1961 anauza alimi kuti abzale mitengo ya ume, zipatso zangati timapichesi towawasa, ndi ya kuri, mtedza wobereka mumtengo. Anawalonjeza kuti akatero adzapeza ndalama zokaonera Hawaii. Ambiri anakayika, makamaka akuluakulu, koma zaka za m'ma 1960 zisanathe alimi a ku Oyama anakweradi ndege n'kupita ku Hawaii. Kenako anayamba kutumiza achinyamata awo ku Israel kuti akaone momwe alimi a kumeneko amagwirira ntchito limodzi.

Boma la chigawo linabwera pambuyo. Mu 1979, Morihiko Hiramatsu, yemwe kale ankagwira ntchito ku unduna wa zamalonda ndi mafakitale ku Tokyo, anasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa Oita. Anatenga nzeru za ku Oyama n'kupempha tauni ndi mudzi uliwonse kuti usankhe chinthu chimodzi chomwe unganyadire nacho, uchikonze mpaka chigulike dziko lonse. Kuchokera mu 1961 kufika mu 1979 ndi zaka 18. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chondichititsa chidwi n'chakuti Hiramatsu sanaike mtima pa kugawa ndalama. Ankakhulupirira kuti zaulere zimapha khama. Boma lake linagwira ntchito zitatu zomwe wopanga katundu wamng'ono sangathe payekha: kafukufuku wokonza katunduyo, sukulu zophunzitsa atsogoleri a m'midzi, ndi kusaka misika. Iye mwini ankanyamula katundu wa kwawo kukatsatsa ku Tokyo ngati venda. Bowa wa shiitake, ndimu za kabosu ndi mowa wotcheza wa shochu wochokera ku balere zinatchuka motero. Anakhala pampando mpaka 2003.

Mayiko ena anakopera. Thailand inayamba pulogalamu yake, OTOP, mu 2001. Ife tinalowa mu 2003, nthawi ya Bakili Muluzi, ndipo Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kutenga OVOP ngati ndondomeko ya boma, mothandizidwa ndi bungwe la Japan la JICA. Magulu ndi makopaletivi anayamba kukonza mpunga, mkaka, mafuta ophikira, nsinjiro ndi uchi. Sikanali koyamba boma kuyesa kukweza opanga katundu ang'onoang'ono, poti mabungwe ngati DEMATT, SEDOM ndi MEDI ya ku Mponela analipo kale, ndipo pambuyo pake anaphatikizidwa kukhala SMEDI.

Sindikunyoza zomwe zinachitika. Mayi yemwe ankagulitsa mtedza wa m'thumba n'kuyamba kugulitsa mafuta a m'botolo anakwera ndithu. Koma ambiri mwa ife tinamva OVOP ngati ngongole ndi makina ochokera kuboma. Ku Oyama anthu anayamba okha, boma n'kutsatira. Kuno boma ndi lomwe linayamba, anthu n'kumadikira. Ndiye makina akafika, mafunso ovuta amatsala osayankhidwa: magetsi akazima tiyendetsa ndi chiyani? Sipeya tikaitenga kuti? Chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, chomwe masitolo akuluakulu amafuna, tichipeza bwanji? Nanga mtedza wogaya chaka chonse uchokera kuti?

Izi zikutikhudza ife amene tikuyenda ndi madigiri m'maenvulopu. Gulu lopanga juwisi wa malambe silisowa makina okha. Limasowa wodziwa kuwerengera mtengo, kupanga lebulo yooneka bwino, kusunga ukhondo woyenera ndi kukambirana ndi mwini sitolo. Zimenezi si zomwe tinaphunzira kukoleji kodi, eti?

Boma tizilifunsa magetsi, misewu, kafukufuku ndi misika, chifukwa imeneyo ndi ntchito yake. Koma funso loyamba la ku Oita ndi lako ndi ine: kwanu kumapezeka chiyani chomwe chimangowolera pansi nyengo yake ikakwana? Kwathu ndi mango.