Chisankho cha Komiti Yoona za Tenure ndi Kukweza Aphunzitsi

M'mayunivesite ambiri a ku United States, aphunzitsi amasankha okha anzawo okhala m'komiti younika oyenera kukwezedwa paudindo kapena kupatsidwa tenure, kutanthauza kukhazikika pa ntchito kotero kuti munthu sangachotsedwe popanda chifukwa chomveka. Chikalata cha mu 1940 cha AAUP, bungwe la aphunzitsi a m'mayunivesite, chinati nthawi yoyesedwa mphunzitsi asanapatsidwe tenure isapitirire zaka 7, ndipo china cha mu 1966 chinatsindika kuti oimira aphunzitsi azisankhidwa motsatira njira zimene aphunzitsiwo akhazikitsa. Kawirikawiri osankhidwa amakhala okhazikika kale, ndipo izi n'zoyenera, popeza munthu amene ntchito yake ikudalirabe akuluakulu sangaunike momasuka kafukufuku ndi kaphunzitsidwe ka mnzake. Komitiyi imangopereka maganizo ake, pamene chigamulo chomaliza chimachokera kwa mtsogoleri wa yunivesite ndi bodi yoyang'anira.