Adam of the Road

Adam of the Road ndi buku la ana limene analemba Elizabeth Janet Gray wa ku America. Linatuluka mu 1942, ndipo mu 1943 linapata mphotho ya Newbery Medal. Zithunzi zake anajambula Robert Lawson.

Nkhani yake ikuyamba mu 1294 ku England. Adam, mnyamata wa zaka 11, akusiya sukulu ya amonke ku St Albans, zeze paphewa, n'kutsata bambo ake, a Roger, oimba oyendayenda amene ankadyera nyimbo ndi nthano m'nyumba za mabwana. Koma bambowo akuluza hatchi yawo pa juga. Jankin, amene wapata hatchiyo, akubanso Nick, galu wa Adam. Mnyamatayo akudziponya mumtsinje kulondola wakubayo, ndipo potero akutayana ndi bambo ake mpaka kukapezana ku Oxford.

Chokoma m'bukuli ndi msewu weniweniwo: nyumba zogona alendo, msika waukulu wa St Giles ku Winchester, ndi njala ya woimba amene sanafupidwe.

Mwana wa ku Mitundu kapena ku Nathenje sangavutike kumvetsa moyo umenewu, pakuti oimba a banjo yopanga okha, kambale ka makobidi patsogolo, ngodziwika m'misika ya kuno kwathu. Madalitso Band nayo inayambira m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ndi babatoni, isanakaimbe ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017.

Bukuli ndi la Chingerezi, choncho aphunzitsi ayambe afotokozera ana mawu akale amene alimo.