Zimene penti wa buluu anabisa ndi zimene anatiphunzitsa

Ife a ku Rufunsa amene tinakulira m'mbali mwa mseu wa Great East tinayamba kuzindikira minibasi ndi mtundu wake tisanadziwe kuwerenga. Ya buluu ndi zoyera ndiyo inali yokwera anthu. Koma mabasi amenewo sanabwere ndi buluu kucokera kumene anapangidwa. Anapakidwa kuno kwathu, ndipo mbiri ya penti ameneyo ili ndi phunziro kwa aliyense wofuna kugula kapena kupentetsa motoka lero.

M'nthawi ya a Kaunda, anthu ambiri ankayenda ndi mabasi a Boma a UBZ. A Chiluba atalowa mu 1991, anatsegula malonda, ndipo UBZ inatha mu 1995. M'malo mwake munadzaza maminibasi a anthu wamba, makamaka Toyota Hiace ndi Rosa zogwirapo kale nchito ku Japan. Zambiri zinkafika zoyera, zina zili ndi zilembo za Cijapani m'mbali. Lamulo litafuna kuti motoka zonyamula anthu zikhale za buluu, ma panel beater a m'makomboni a Lusaka anapeza nchito yosatha.

Apa ndi pamene panaonekera amisiri a mitundu iwiri. Mmisiri weniweni ankayamba ndi kumasula mabampa, malaiti, zogwirira zitseko, zizindikiro ndi mphira za m'mawindo. Kenako ankawongola zopindika ndi hamala, n'kupala dzimbiri mpaka citsulo ciwale. Filler ankaika pang'ono cabe, yongotseka timaenje totsala. Ankakwecha ndi sandipepa, kuyamba ndi yokakala, kumalizira ndi yosalala, n'kupopera primer. Penti ndiye ankabwera pothera.

Winayo, wothamangira ndalama, ankangophimba magalasi ndi malaiti ndi manyuzipepa n'kupopera tsiku lomwelo. Basi inkacoka ikuwala. Ikangodutsa dzinja limodzi, penti ankayamba kusupuka m'mphepete mwa mphira, pamene sandipepa sinafike, madzi n'kulowa, dzimbiri n'kudya citsulo camkati.

Njira yacidule imeneyi inabwera ndi zipangizo zatsopano. Kale ku America, kupenta motoka kunkatenga milungu cifukwa penti ankacedwa kuuma, mpaka kampani ya DuPont inatulutsa penti wopopera wa Duco, amene anayamba kuoneka pa motoka za 1924. Zopindika nazo ankazidzaza ndi mtovu wosungunula, nchito yofuna dzanja lozolowera ndiponso yoononga thanzi. M'zaka za m'ma 1950 kunabwera filler ya pulasitiki, yochipa ndi yosavuta kupaka. Inapeputsa nchito, koma inapatsanso munthu waulesi njira yobisira cimene sanawongole.

M'nthawi ya a Sata, amenenso anapatula Rufunsa ku Chongwe kukhala boma paokha, lamulo la buluu linacotsedwa. Mabasi a ku Lusaka anayamba kuyenda ndi mzere wa orenji, thupi lonse lili mu mtundu umene mwini wafuna. Nchito yopenta mokakamizidwa inatha, koma cizolowezi cobisa sicinathe.

Ifeyo nkhaniyi itikhudza kwambiri. Mseu wathu uli ndi mapiri ndi makona, makamaka ca ku Manenekela potsikira ku mlatho wa Luangwa, ndipo ngozi sizisowa. Motoka yogubuduzika imakokedwa kupita ku tauni, pakapita miyezi iwiri n'kuoneka pamsika ikunyezimira. Mlimi wa ku Mpanshya kapena kwa Shikabeta amene wasunga ndalama za cimanga zaka zitatu kuti agule Canter akhoza kugula filler yokhayokha. Coopsa si kusupuka kwa penti ayi. Ndi citsulo copindika cimene cili pansi pake, cimene sicingateteze munthu ngozi yaciwiri ikacitika.

Tsono pogula motoka, tiyeni tinyamule kamaginito kocepa. Pa citsulo kamagwira, pamene pali filler yocindikala kamafooka kapena kugwa. Tiziona motokayo masana, titaima cammbali, kuti mafunde a pathupi aoneke. Tizikweza mphira ya pa windo ndi cala: tikapeza mtundu wina pansi pake, kapena penti atadonthera pa mphirayo, tidziwe kuti wopenta sanamasule kanthu.

Popentetsa yathu, tisamafunse mtengo wa penti wokha. Timufunse mmisiri kuti adzamasula ciyani, ndipo atilole tione motoka ili pa citsulo asanapake filler. Akatiuza kuti tibwere mawa tidzatenge, tikayikire. Masiku ambiri a nchito yabwino amathera pa kumasula, kuwongola ndi kukwecha.

Kwa acinyamata athu amene akuphunzira panel beating m'masukulu a TEVETA kapena pa galaji ya amalume, mseu uno udzakupatsani nchito. Amene adzakhalitsa ndi uja amene motoka yake idzadutsa madzinja atatu penti asanatukuke.