Nkhani zopeka za kukula kwa achinyamata m'Malawi

Nkhani za kukula kwa achinyamata ndi gulu la mabuku ndi nkhani zazifupi zomwe mtengambali wake wamkulu amakhala mnyamata kapena mtsikana wongotha kumene msinkhu. Nkhani yotere imamutsata kuyambira pamene akungomvera zouzidwa mpaka pamene wayamba kudzifunsa yekha kuti iye ndani, kwawo n'kuti, nanga adzadya chiyani. Ku America gululi lidakhazikika m'zaka za m'ma 1960, makamaka S.E. Hinton atatulutsa The Outsiders mu 1967, buku lomwe adalilemba akadali kusekondale. Muno mu Africa odziwika ndi Weep Not, Child la Ngugi wa Thiong'o, la mu 1964, ndi Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, la mu 1988.

Kuno kwathu nkhani ya kukula idayamba kale buku lisanabwere. Namwali ankalangizidwa ndi anankungwi kutsimba, mnyamata wachichewa ankakulira kudambwe, wachiyao kujando. Alembi oyamba adatenga chilangizocho n'kuchiika papepala. Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, adatulutsa Nthondo mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi pamutu woti Man of Africa. Bukuli likutsata Nthondo kuyambira kubadwa, unyamata wake wopulupudza, ulendo wokafuna ntchito kutali, mpaka atalowa ufumu ndi kutembenuka mtima. J.W. Gwengwe naye adalemba Kukula ndi Mwambo, lomwe mutu wake ukunena kale cholinga chake. M'mabuku awiriwa wachinyamata alimo ndithu, koma wolankhula ndi wamkulu. Mwana amalakwa, amaona zakuda, kenako amabwerera kumwambo kapena kutchalitchi. Kudzipeza yekha, popanda womulozera njira, sikunali m'maganizo a alembi a nthawi imeneyo.

Wosiyana nawo adali Legson Kayira. I Will Try, la mu 1965, si nkhani yopeka koma mbiri ya moyo wake: mnyamata wa kumpoto yemwe adanyamuka wapansi kukafuna maphunziro, n'kukafika ku Khartoum asanapite ku America. Apa wachinyamata akudzisimbira yekha.

Moyo wa m'tauni udalowa m'mabuku kudzera ku Blantyre. Kampani ya Popular Publications ya ku Limbe idayamba kusindikiza mabuku a Amalawi m'zaka za m'ma 1970, ndipo magazini ya Moni ndi nyuzipepala ya Malawi News zinkapereka malo ku nkhani zazifupi, momwe alembi ambiri adayambira. Willie Zingani adalemba Njala Bwana ndi Madzi Akatayika, Jolly Max Ntaba adalemba Mtima Sukhuta. Koma yemwe adayandikira kwambiri owerenga achinyamata a mumzindawu ndi Aubrey Kalitera. Buku lake loyamba, A Taste of Business, lidasindikizidwa ku Nairobi mu 1976. Pambuyo pake adayamba kudzisindikizira yekha ku Blantyre pansi pa dzina la Power Pen Books, ndipo Why Father Why la mu 1982 lidakhudza bala lodziwika m'makomboni, la abambo othawa ana awo. Buku lake lina, To Ndirande Mountain with Love, adalisandutsanso filimu. Akadaulo a zolembalemba sadamuwerengere kwenikweni, poti nkhani zake zinali zachikondi ndi zothamanga, komatu n'zimene anthu ankabwerekana. Chimodzimodzinso timabuku ta Pacesetters ta kampani ya Macmillan, tomwe tinkayenda m'manja mwa ana asukulu mpaka chikuto kuthothoka.

Panalinso choletsa. Lamulo lounika zofalitsa la mu 1968 lidachititsa kuti wolemba aziyenda mosamala, choncho mkwiyo wa wachinyamata pa akuluakulu, kapena zakugonana, zinkangotchulidwa mozungulira.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, Edzi itavuta, nkhani zambiri za achinyamata zidasamukira pawailesi. Bungwe la Story Workshop la ku Blantyre lidatchuka ndi sewero la Zimachitika, ndipo mu 2017 kudabwera Zathu pa Wailesi, yosimba za ubwenzi wa anyamata ndi atsikana. Masewerowa amafika kutali kuposa buku lililonse, koma poti amalipiridwa ndi mabungwe okhala ndi uthenga woti aufalitse, chilangizo chija chidabwereranso. Buku la wachinyamata wa ku Malawi lomwe lamveka kwambiri kunja, The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, la mu 2009, ndi mbiri yeniyeni ya kumudzi, ku Wimbe m'boma la Kasungu.

Mwana wa ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa kapena Machinjiri amakula m'nyumba ya lendi, nthawi zina kwa azakhali makolo atamwalira, pakati pa Achewa, Ayao, Alhomwe, Asena ndi Atumbuka. Amagulitsa mandasi akaweruka, amadikira zotsatira za Maneb, mnzake ali pakabaza, wina wanyamuka ulendo wa ku Joni. Zonsezi zimamveka kwambiri m'nyimbo za achinyamata ndi m'ndakatulo zapawailesi. M'mabuku a Chichewa, mwana ameneyu amapezeka kawirikawiri ngati chitsanzo chochenjezera anzake, ndipo mabuku omwe iye akudzisimbira yekha m'Chichewa chake cha m'tauni ndi ochepa kwambiri.